"Muona Nokha" ndi Bondo la Felesiya

Loweruka lapitali ndinachititsidwa manyazi pamsika wa ku Kangemi, matimati ali m'manja.

Amene mumandidziwa mukudziwa kuti pa nkhani yonenerera mtengo sindiseka ndi munthu. Zaka zonse ndakhala muno mu Nairobi Chiswahili changa chakana kukula, koma mawu a pamsika okha ndinawagwira msanga. Bei gani, ndiye kuti zingati. Punguza, tsitsani. Ongeza, onjezerani. Ndi mawu amenewa ndalera ana anayi.

Tsiku limenelo ndinaima pabenchi ya Mama Achieng, mayi wamfupi wojintcha amene amagulitsa matimati, anyezi ndi sukuma, masamba aja timadya kuno tikasowa mpiru. Ndinati punguza, anatsitsa. Ndinati punguza kachiwiri, anatsitsanso. Kenako ndinaloza limodzi lalikulu lofiira bwino, ndinati limenelo likhale la basela. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kulikulunga m'nyuzipepala pamodzi ndi anzake. Pondipatsira anayankhula Chiswahili chapang'onopang'ono, dala, kuti ndisaphonye liwu.

"Mzee, pa matimati pakamwa muli napo. Nanga tsiku lija la mwana wanu munapasiya kuti?"

Amayi a mabenchi oyandikana nawo sanaseke. Bola akanaseka.

Mwana amene ankanenayo ndi Felesiya, mwana wa mlongo wanga wa ku Dedza. Bambo ake anapita ku Joni iye akukwawa, sanabwerenso. Komanso kwathu mwana wa mlongo wako, bambo akhalepo asakhalepo, zake zonse zimagwera iwe malume. Felesiya anabadwa ndi chinthu chimodzi chimene kumudzi ankachiyesa chilema, ndicho msinkhu. Akamalowa m'nyumba mwanga amawerama pakhomo. Anzake kusukulu ankamutcha Nsungwi, ndipo mpaka lero amayenda atagwetsa mapewa ngati akupepesa. Folomu 4 anakhoza bwino, koma malo ku yunivesite ya kwathu sanapezeke, ndiye ndinamuitana kuno kuti adzaphunzire kutaipa.

Kutaipako sanakuyambe n'komwe. Tsiku lina ali pamzere wodikira matatu, timabasi ta kuno, mutu wake uli pamwamba pa mitu yonse, bambo wina anaimitsa galimoto n'kumufunsa ngati anagwirapo mpira. Anali kochi wa timu ya atsikana ya basiketibolo pakoleji ina ya mumsewu wa ku Thika, cha ku Kasarani kumene akumanga chibwalo chachikulu chija. Dzina la kolejiyo sinditchula, la kochiyo sinditchulanso, ana anga akadali pasukulu. Felesiya anayankha kuti kwawo ankangosewera ntchemberembaye. Kochi anati zimenezo zilibe kanthu, mpira angathe kuphunzitsa aliyense koma msinkhu alibe nawo mankhwala.

Sabata yotsatira tinaitanidwa ku ofesi yake. Atsikana ofunidwa anali awiri, Felesiya ndi wina wothamanga kwambiri dzina lake Achieng, aliyense ndi womuperekeza. Ine ndinavala suti ndi tayi. Mayi ake a Achieng, omwewa a matimati, anabwera ndi dengu lawo, fungo la anyezi lili m'manja. Ndiko kunali kuonana kwathu koyamba.

Anatipatsa tiyi wamkaka ndi mabisiketi. Kochi anafotokoza kuti koleji idzalipira fizi, idzapereka bedi, chakudya ndi nsapato zosewerera, atsikanawo ntchito yawo n'kusewera ndi kuphunzira. Kenako anakankhira mapepala awiri patsogolo pathu. Anayamba ndi ine, chifukwa cha tayi.

"Pali china chimene mukufuna tikambirane, bwana, musanasaine?"

Apa ndi pamene ndinaphera mwana wa mlongo wanga. Ndinaika kapu pansi mwaulemu, ndinamwetulira, ndipo m'Chizungu changa chosalala cha ku ofesi ndinati, "I leave it to you, sir." Mumtima ndinkanena mawu aja awiri amene ndinamva atate anga akunena moyo wawo wonse: muona nokha.

Mukuwadziwa mawu amenewa. Munthu wakufolerera denga, wakusemera mtondo, wakuthandiza kukolola. Ukamufunsa kuti ndikupatseni zingati, amayang'ana pansi, kukanda dothi ndi chala cha kuphazi, n'kuti, "Aa, muona nokha." Mlendo angayese kuti munthuyo alibe mtengo. Mtengo ali nawo, ndipo ndi waukulu kuposa umene akanatchula. Wachotsa katundu pamutu pake n'kukusenzetsa iwe. Ukamupatsa zochepa sanena kanthu, alandira ndi manja awiri. Koma mudzakumana pamaliro. Mkazi wako adzazimva kuchitsime. Denga likadzadontha chaka chamawa adzakuuza kuti msana ukumupweteka. Ndiye umapereka zambiri, manyazi akukukankha kumbuyo.

Mawu amenewa ali ndi mano, koma manowo amagwira pokhapokha nonse awiri muli anthu a mudzi umodzi. Ine ndinawanyamula kuchoka ku Dedza, ndinawaveka Chizungu, ndinawatula patebulo la munthu amene sadzabwera pamaliro a kwathu. Anafika alibe dzino ndi limodzi lomwe. Kochi anangomva kuti bambo wa tayiyu alibe funso.

Ndinasaina osawerenga. Ndipo apa ndiulule chinthu chimene chikundisowetsa mtendere. Ntchito yanga kubungwe limene ndimagwira ku Gigiri ndi yowerenga mapepala a mapangano mabwana asanasaine. Tsiku lonse ndimakhala ndi cholembera chofiira. Kachizindikiro kopumira kakakhala pamalo olakwika ndimabweza pepala lonse, ndipo otaipa amandida nazo. Koma pepala la Felesiya sindinaliwerenge, chifukwa ndinaona ngati kuwerenga pamaso pa munthu amene wangondipatsa tiyi n'chimodzimodzi kumutcha wakuba.

Kenako inakwana nthawi ya Mama Achieng. Tiyi wawo anali asanamukhudze. Chizungu satha kuwerenga, ndiye anauza mwana wawo kuti awerenge mokweza, mzere ndi mzere, akumasulira. Atamaliza anati abwereze. Ine ndinayang'ana wotchi, ndinayang'ana kudenga, manyazi awo akugwira ine.

"Mwendo ukathyoka?" mayi aja anafunsa kochi.

Kochi anaseka. "Mama, musade nkhawa. Pano ndife banja limodzi."

"Banja ndili nalo kale ku Kangemi. Ndafunsa kuti mwendo ukathyoka."

Kochi anayamba kufotokoza za Mulungu ndi za mbiri yabwino ya koleji. Mayi aja anangoimirira, kunyamula dengu, kugwira mwana wawo padzanja. Asanafike pachitseko kochi anali atatsegula kale cholembera. Analemba pamanja, m'munsi mwa pepala la Achieng, kuti avulale asavulale malo ake akhalapo mpaka atamaliza maphunziro, ndipo za chipatala ndi za koleji. Mayi aja anati adindepo chidindo. Anadinda.

Mu matatu pobwerera ndinamuphunzitsa Felesiya khalidwe. "Waona kusaleredwa kumene kuja? Munthu akukupatsa sukulu yaulere, iwe n'kumafunsa za kuthyoka miyendo ngati ukulodza mwana wako yemwe. Ife Amalawi sititero." Iye anati, "Inde, amalume."

Masiku oyamba anavutika. Ntchemberembaye salola munthu kuyenda ndi mpira, ndiye akauwakha ankangoima chilili, phazi limodzi litakhomerera pansi, anzake akukuwa kuti thamanga. Koma chaka chisanathe anali mzati wa timu. Holo yawo inayamba kudzaza, anthu akulipira pakhomo kudzaona mtsikana wamtali wa ku Malawi. Chithunzi chake chinatuluka m'nyuzipepala. Ndinachidula n'kuchibisa m'Baibulo, chifukwa sindikanatha kutumizira mayi ake chithunzi cha mwana wawo atavala kabudula, pamene kwathu mkazi ngakhale buluku saloledwa. Koleji inalibe manyazi ngati anga. Inaika chithunzi chomwecho pachikuto cha kabuku kake koitanira ophunzira, ndipo ndinakaona ndi maso anga patebulo m'nyumba ya bwana wanga ku Runda, amene mwana wake tsopano amaphunzira komweko, akulipira fizi yonse.

Chaka chachiwiri kunabwera anthu a timu ya kampani ina. Kuno makampani ali ndi matimu awo, ndipo akafuna wosewera amamulemba ntchito ya ukalaliki, malipiro pamwezi, sukulu azipitiriza madzulo. Felesiya anabwera kudzandifunsa. Sanati akufuna kupita. Anangoti mwina tingakauze kochi kuti ena akumufuna, timve zimene anganene, mwina angalembe kamzere ngati ka Achieng. Mwanayo anaona chimene ine ndi cholembera changa chofiira sindinaone. Nthawi yake inali imeneyo, pamene kochi akanasaina chilichonse kuti asamutaye.

Ndinamukalipira. Ndinati tisakhale anthu osayamika, munthu anakutola pamzere wa matatu lero ukufuna uzimuopseza? Anati, "Pepani, amalume."

Mwezi watha analumpha kulanda mpira, potera bondo linapotoka. Amene anakhala pafupi akuti anamva bondolo likulira. Dokotala wanena kuti adzayenda, akachitidwa opaleshoni, koma za mpira aiwale chaka chino, mwinanso mpaka kalekale. Pasanathe sabata zitatu kalata inamupeza pabedi. Malo ake pakoleji atha pakutha pa mwezi uno, ndipo bedi likufunika. Chilolezo chake chokhalira m'dziko muno n'chomangirira ku sukuluyo. Kwatsala materemu awiri okha kuti amalize. Akachoka tsopano abwerera ku Dedza ndi ndodo ziwiri, wopanda pepala lililonse.

Achieng naye anavulala, chaka chatha, chidendene. Sanaseweretso mpaka lero. Amagona chipinda choyandikana ndi cha Felesiya, ndipo materemu awiri akatha adzavala mkanjo wake womalizira maphunziro.

Mawu a pamsika aja anandisautsa Lamulungu lonse, ndiye Lolemba ndinapempha tchuthi n'kupita kwa kochi. Anandilandira bwino. Anaitanitsa tiyi, ndipo ndikuuzeni zoona, ndinamwa.

"Akochi, paja tsiku lija ndinasiya zonse m'manja mwanu."

"Munatero, bwana. Ndikukumbukira bwino."

"Ndinkatanthauza kuti mumuone mwanayu ngati wanu."

"Aa. Mukananena."

Anatsegula kabati, kutulutsa pepala, kuloza ndi chala. Malo a wophunzira azionjezeredwa teremu ndi teremu, malinga ngati ali m'timu. Mzere wachinayi, Chizungu chosavuta, mwana wa Sitandade 8 akhoza kumva. M'munsi mwake munali siginecha yanga, yokongola, ya mchira wopindika umene ndinauphunzira ndili mnyamata.

Ndinafunsa za mzere wa Achieng. Anati umenewo anaupempha amayi ake. Ndinafunsa ngati angaulembe tsopano. Anatambasula manja, nati ndalama za bedi limenelo zapita kale kwa mtsikana wina wamtali amene wamupeza kumadzulo kwa dziko lino, ndipo nkhaniyo ili m'manja mwa mkulu wa koleji. Pondiperekeza anandigwira paphewa.

"Inu Amalawi ndimakukondani," anatero. "Simuvuta."

Simuvuta. Abale anga a muno mu Nairobi, ndi kangati mwamva mawu amenewa? Timawamva ku ofesi, timawamva kwa eni nyumba, ndipo Lamulungu tikakumana titatuluka m'tchalitchi timauzana monyadira kuti kuno amatikonda chifukwa ndife anthu aulemu. Munayamba mwadzifunsapo kuti amene amatiyamikayo ndani? Kodi si yemwe uja amapindula tikakhala chete? Ine sindinamvepo munthu akuyamika mnzake kuti savuta, kupatula amene akanayenera kuvutitsidwa.

Koma musaganize kuti ndikumumasula kochi. Ayi ndithu. Mzere umene unapulumutsa Achieng sanachite kuuganizira, unali kale m'mutu mwake, ndipo anaulemba mphindi imodzi isanathe. Pepala la Felesiya linali pambali pomwepo, inki ya siginecha yanga isanaume. Cholembera chinali chotsegula m'dzanja lake. Akanalemba kawiri, dzanja likanathyoka? Ndinamuuza kuti aone yekha, ndipo anaonadi. Anaona mtsikana wamtali, malume wa tayi wosafunsa mafunso, ndi mzere umodzi umene sakakamizika kulemba.

Ndipo si yekha. Masiku ano makochi a makoleji akuyendayenda m'masukulu a kumidzi ndi chingwe choyezera, ena akuti mpaka azungu ochokera kutsidya kwa nyanja ayamba kubwera kudzasankha. Amafika pakhomo ndi nsapato zatsopano ndi mawu a banja. Ukafunsa kuti nanga mwanayu azilandirako kanthu pa zimene anthu akulipira pakhomo la holo, amakuyang'ana ngati watukwana m'tchalitchi. Amati ameneyu ndi wophunzira, si wantchito, ndipo ndalama zimaipitsa masewera. N'zodabwitsa kuti ndalamazo zimangoipitsa amene akuthamanga. Kochi sizinamuipitse, galimoto yake ndi ina tsopano, si ija anaimitsa pamzere wa matatu. Koleji sizinaiipitse, holo aipaka utoto watsopano. Atsikana akapambana amawagulira soda ndi buledi.

Ngati ndi wophunzira, bwanji bondo likathyoka uphunziwo ukutha? Mutu wa Felesiya sunavulale. Mayeso onse wakhoza. Ngati ndi wantchito, malipiro ake ali kuti, ndipo ndi ntchito iti imene munthu akavulalira pomwepo amangomupatsa kalata? Amamutcha wophunzira pa tsiku lolipira, n'kumutcha wantchito pa tsiku lochotsa. Zimenezi mayi wogulitsa anyezi anazimva atangowerengeredwa kawiri. Ine wa ku Gigiri zinanditengera zaka zitatu ndi bondo la mwana.

Mayi aja ndinawatcha osaleredwa. Lero ndikufunsa, kuleredwa n'chiyani? Kuleredwa kwanga ndi kumene kwagoneka mwana pabedi limene akulandidwa. Ulemu umene ndinasunga tsiku lija unali wa ndani? Sunali wa Felesiya. Unali wanga. Ndinkafuna kuti munthu wachilendo andione kuti ndine bambo wophunzira, wosiyana ndi amayi a pamsika, ndipo anandionadi motero. Ndinatuluka mu ofesi muja nkhope yanga ili yoyera, koma amene analipira kuyerako ndi wina.

Lachitatu ndinapita kukamuona. Ndinamupeza atakhala pabedi, mwendo utawongoledwa pampando, ndodo zitatsamira khoma. Mabuku anali atawamanga kale ndi chingwe. Pakhoma panatsala kachithunzi ka mayi ake, ndi nsapato zija za koleji zili pansi pa tebulo, zochapidwa bwino, kuti akabweze.

Ndinayamba kuyankhula zambiri, monga amachitira munthu wolakwa. Ndinati ndikhoza kupita kwa mkulu wa koleji. Ndikhoza kukauza anthu a nyuzipepala amene anamujambula aja. Ndikhoza kugulitsa galimoto, ngakhale sindikudziwa ngati ingakwanire fizi ndi opaleshoni yomwe. Ndinati kalata ya kwa mayi ake sindinalembe, ndayamba katatu n'kung'amba. Iye ankangomvetsera, manja ali pabondo lomangidwalo.

Pomaliza ndinamufunsa funso limene ndinayenera kumufunsa zaka zitatu zapitazo, tisanalowe mu ofesi ija.

"Nanga iweyo ukufuna chiyani, mwana wanga? Ndichite chiyani?"

Anayang'ana pansi, monga mwana woleredwa bwino. Chala chake chinkayenda pabandeji.

"Muona nokha, amalume."

Sanakweze mawu. Sindikudziwa ngati ankandilemekeza kapena ankandilasa, ndipo mwina naye sakudziwa. Koma ine ndi iye ndife a mudzi umodzi. Ndidzakumana ndi mayi ake pamaliro. Kwa nthawi yoyamba muno mu Nairobi mawu aja anafika ndi mano ake onse, ndipo analuma amene anayenera kulumidwa.

Lachisanu m'mawa ndikaonana ndi mkulu wa koleji. Ndalemba papepala zimene ndikufuna, materemu awiri, bedi ndi opaleshoni, ndipo ndikuziloweza mokweza ngati mwana wa sukulu, moti mayi a kunyumba ayamba kundiyang'ana modabwa. Kabuku kaja ka chithunzi cha Felesiya ndakabwereka ku Runda, ndikakaika patebulo la mkuluyo. Mwina andithamangitsa. Mwina nthawi inatha kale, tsiku lija ndinaika kapu pansi n'kumwetulira.

Tayi ndisiya kunyumba. Ndipo tiyi wake sindikamwa.